Wotchi ya Kudzanja Lamanzere

6 Malichi

Mlongo wanga,

Landira moni wochokera kunyumba. Ife tadzuka, ana akupita kusukulu, mlamu wako ali bwino. Kaya iwe kunjako, ndi nkhalamba zako umazisambitsazo? Bambo ali monga unamvera. Mwendo akuukoka koma akuyenda. Pakamwa ndiye sipanasinthe, akutilalatirabe bwinobwino. Dzanja lamanzere ndi limene sitiroko ija inapita nalo. Lili lende ngati thaulo lonyowa.

Phukusi lako lafika ndi mayi uja unamutuma, koma munalibe kalata. Tinalitsegulira patebulo tonse tilipo, tikuyesa ndi mankhwala. Potulutsa, wotchi! Mlongo, pogula chinthu chimenechi maso unawasiya kuti? Nkhope yake ndi yaikulu ngati chivindikiro cha botolo la mafuta odzola, mtundu wa lalanje lakupsa, manambala oyera onenepa oti munthu n'kuwerenga ali tsidya la msewu. M'mphepete muli mkombero wa mano umene ukauzunguza umalira kheche kheche. Pambali mabatani atatu, lamba wachikasu, kulemera ngati loko wa pageti. Mlamu wako anaseka mpaka kugwira khoma, amvekere iyi si wotchi, ndi mbale.

Munthu wodwala, wongokhala m'nyumba, nthawi akuifuniranji? Komabe tawaveka kudzanja lamanja, kumene kuli moyo, ndipo akuikonda. Linalo timalilowetsa m'thumba la jekete kuti alendo asamaliyang'anitsitse.

Tsono nkhani yeniyeni ndi chipinda chometera chija. Chiyambire kudwala chili chotseka, ndipo mwini nyumba akufuna yankho pakutha pa Juni. Pali wokonza mawailesi amene akuchifuna. Mpando ndi galasi nditenga ndisunge kunyumba. Bambo sakufuna n'kumva komwe. Akuti iwo ndi aLumo, dzina lomwe anawapatsa anthu a mumsewu uja, ndipo aLumo safera pamkeka. Koma dzulo anadzitsekera kubafa n'kudzimeta okha. Anatuluka tsaya lamanja lili see, lamanzere lili ndi thovu ndi ndevu zake zonse, n'kumatifunsa kuti tikuyang'ana chiyani. Ameneyo ndi munthu womupatsa khosi la mwana wa eni ake? Mutu wayamba kusokonekera, tisanamizane.

Uwalembere, uwauze apereke kiyi. Iwe amakumvera, paja ndiwe mzime.

Ndine mchimwene wako.


22 Malichi

Achimwene,

Ndakondwa kumva kuti ana ndi alamu ali bwino. Inenso ndili bwino, kungoti kuzizira sikukutha. Mayi uja ananyamuka mwadzidzidzi, phukusi ndinakamupatsira pokwerera basi ndisanalembe kanthu. N'chifukwa chake linafika lopanda mawu.

Wotchiyo ivuleni kudzanja lamanja lero lomwe. Ndi ya kumanzere.

Bambo sanapenge. Kunyumba ya okalamba kumene ndikugwira ntchito ndasamalirapo anthu angapo otere. Pali sitiroko ina imene imafafaniza mbali yonse ya kumanzere m'maganizo mwa munthu. Maso ali bwino, koma mtima sutembenukirako, ngati kuti dziko linathera pamphuno. Amadya theka la mbale, amapesa theka la mutu, ukawafunsa amati zonse zili m'malo mwake. Mayi amene amatiphunzitsa kulimbitsa odwala amati kumbali yoiwalikayo tiziikako chinthu chowala, cholemera, chaphokoso, choti chiziwaitana. Ndiye ndinayenda m'masitolo kufunafuna wotchi yamwano kuposa zonse. Wogulitsa ankandionetsa zaulemu, zopyapyala, zobisala m'mkono wa malaya. Ndinati ayi, ndipatseni iyo ikukuwayo. Batani lapamwamba limatchera kabelu kolira ola lililonse. Kakalira, bambo adzafunafuna kumene kakulirira, ndipo kumeneko adzapezako dzanja lawo.

Sindikulonjeza kanthu. Ena amabwererako pang'ono, ena ayi. Koma m'thumba la jekete palibe dzanja linachirirapo.

Za kiyi sindilemba, mundikhululukire. Mukukumbukira Loweruka m'chipinda muja, inu mukusesa tsitsi, ine ndili pabenchi miyendo isakufika pansi, fungo la sopo ndi sipiriti lili guu? Ndinkakonda kuyang'ana manja awo. Lamanja linkangodula basi. Lamanzere ndi limene linkagwira mutu wa munthu, kumuweramitsa, kumutembenuza, moti ngakhale kamwana kolira kankakhala chete. Ndi lomwelo linkatigwira powoloka msewu, ine mbali ino inu mutagwira malaya. Lero lasanduka chamanyazi choti n'kubisira alendo?

Mundiyankhe msanga mmene zayendera.

Ndine mlongo wanu.


9 Epulo

Mzime wanga,

Uli bwanji mwana wanga? Ukudya? Ine ndili bwino kwambiri, usamvere zonena anthu.

Wotchi ndailandira. Imeneyi ndiye wotchi! Osati tija timavala akalaliki, tofuna magalasi kuti uone nthawi. Iyi munthu akakupatsa moni amayamba wapatsa iyo. Mivi yake ndi yonenepa ngati zala, ndipo ukalowa nayo m'chipinda chamdima imayaka yokha mobiriwira. Ndinaimiza m'beseni kuti ndiiyese, inatuluka ikuyendabe. Wandidziwa bambo wako.

Ndamva kuti unalembera mkulu wakoyu. Anawerenga ataimirira, n'kupinda, n'kunena kuti wapereka moni. Pepala lonse lija moni yekhayekha?

M'nyumba muno zinthu zasintha. Mpongozi wanga ndi mwana wabwino, koma masiku ano akundipatsa chakudya cha mwana wakhanda. Ndikadandaula amangozunguza mbale, n'kupezeka muli china. Matsenga amenewa anawaphunzira kuti sindikudziwa. Anthu nawonso ayamba kuyenda ngati amphaka. Umangozindikira munthu waima pamaso pako, kumene wachokera osakuona. Zitseko nazo zachepa, ndikumagunda phewa.

Akufuna kupereka chipinda changa kwa wokonza mawailesi. Ndikumudziwa ameneyo, ndinkamumeta ali ndi chipere. Aike mawaya ake pamene panali galasi langa? Galasi limene lija mayi ako ankalipukuta ndi nyuzipepala yonyowa m'mawa uliwonse, akuimba? Kiyi ndamumangirira pachingwe m'khosi. Wofuna kiyi ayambe wadula khosi, ndipo malumo onse m'nyumba muno ndi anga.

Akuti ndili ndi dzanja lodwala. Ine ndikuona dzanja langa lili bwinobwino, lavala wotchi, likulemba kalata ino.

Undiuze ngati kumeneko kuli ometa odziwa ntchito.

Ndine bambo wako.


25 Epulo

Alamu,

Muli bwanji, mayi wa nyumba? Ndalembera inu, chifukwa amuna anuwo ndawalembera ndipo angokhala duu ngati mwala.

Kalata ya bambo yandiliza. Mawu onse athinana kumanja kwa pepala, theka lakumanzere lili mbee ngati munda wosalima. Ndipo akuti dzanja lolemba ndi lomwe lavala wotchi, kusonyeza kuti achimwene sanachite zimene ndinawapempha.

Inu ndi amene mumazunguza mbale ija, ndiye mukudziwa kale kuti bambo sanapenge, kungoti kumanzere kunawathawa. Wotchi ija ndinagulira dzanja lodwalalo, kuti kuwala kwake ndi kabelu kake ziziwakokera maso kumeneko. Isamutseni. Dinani batani lapamwamba mpaka kalire kawiri. Dzanjalo litulutseni m'thumba, muliike patebulo, poonekera.

Ndikudziwa kuti ndikukuponyani pamoto, ine ndili kutali kumene utsi sufika. Akakalipa muwauze kuti ndi mlongo wawo wamwano uja. Anandizolowera.

Ndine mlamu wanu.


20 Meyi

Alamu anga,

Tadzuka, kaya inu? Mwandiponyadi pamoto, koma ndapsa pang'ono pokha. Khalani pansi ndikuuzeni.

Tsiku limene kalata yanu inafika, bambo a ana ali kuntchito, ndinapita ndi beseni kukawasambitsa m'manja apongozi. Ndinati, "Bambo, tivule wotchiyi inganyowe." Amvekere, "Iyi siopa madzi, si iwe." Ndinati, "Sopo ndiye imaopa." Anandipatsa. Nditawapukuta ndinaimanga kumanzere, n'kudina batani lija, n'kuliika dzanjalo patebulo. Iwo anayang'ana mkono wamanja, n'kuyamba kukuwa kuti m'nyumba mwalowa wakuba. Ine ndikungopukuta makapu.

Kenaka kabelu kanalira. Tii tii! Anayang'ana kudenga. Anayang'ana wailesi. Anandiyang'ana ine. Kanasiya. Tinakhala mpaka ola lina. Tii tii! Ulendo uno mutu unayamba kutembenuka pang'onopang'ono, ngati chitseko cha dzimbiri, mpaka maso anagwera pa lalanje lija.

"Wakuba uja ndi uyu," anatero. "Dzanja ili ndi la ndani?"

"Ndi lanu, bambo."

"Usandinamize, mwana iwe."

Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka analitembenuza ndi linzake, n'kuona chipsera chili pachala chachikulu. Anati, "Apa ndinadzicheka ndikuphunzira kunola lumo. Bwana wanga anandimenya khofi, n'kundimanga ndi kansanza."  Atatero anandifunsa, "Nanga munalisunga kuti masiku onsewa?" Alamu, ndinathawira kukhitchini.

Madzulo kunali nkhondo. Amuna anga atangolowa n'kuona, anati, "Wachita zimenezi ndani?" Ndinati ndi mlongo wanu wamwano uja. Amvekere, "Mlongo wanga ali ndi mkono wautali bwanji, wofika pano?" Anafuna kuibwezera kumanja. Apongozi anaphimba wotchiyo ndi dzanja labwino n'kunena kuti, "Gwira uone." Anawaveka jekete kuti mwina mkono uphimbe. M'mawa tinapeza mkono wa jekete uli pansi, apongozi audula ndi sizasi kulekeza m'chigongono. Jekete ya ukwati wathu ija!

Musawaone ngati oipa amuna angawa. Anandiuza kuchipinda kuti chimene sangapirire n'kuona anthu amene ankavula chipewa polowa mometera akuwayang'ana bambo ndi maso achisoni. Ndinati chisoni sichipha, chimene chikuwapha ndi kuwatsekera.

Tsopano imvani zoseketsa. Apongozi ayamba kukhala pakhonde, dzanja lili pa mkono wa mpando, wotchi ili ngwee padzuwa. Anthu a mumsewu muno mukuwadziwa. Woyamba anali wogulitsa makala: "ALumo, mwaba wotchi ya pasiteshoni? Nthawi ili bwanji?" Iwo anafunafuna, n'kuipeza, n'kumuuza, n'kuwonjezera kuti, "Ndi nthawi yoti ukasambe." Basi chinakhala chizolowezi. Oyendetsa njinga, amayi opita kumsika, ngakhale uja wa mawailesi, aliyense podutsa, "ALumo, nthawi!" Ena ali ndi mawotchi awo pamkono, akungofuna kuseka. Iwo amayankha aliyense, ndi chipongwe chake chapadera. Amuna anga akuti tawasandutsa choseketsa cha mumsewu. Ine ndikuona munthu amene akutembenukira kumanzere kosawerengeka tsiku lililonse, popanda womukakamiza. Dzulo mbale sindinazunguze. Anaimaliza okha, n'kunena kuti ndayamba kuwolowa manja.

Zala sizikugwirabe kanthu, ndisakunamizeni. Ndipo za chipinda amuna anga sanasinthe maganizo.

Mukadzapezanso wobwera, munditumizire mafuta a m'manja aja. Ndawagwirira ntchito.

Ndine mlamu wanu.


11 Juni

Mzime wanga,

Moni mwana wanga. Ndili bwino, ndipo ulendo uno ndikunena zoona.

Mpongozi wandijambulira mzere wofiira kumanzere kwa pepala, akuti ndiziyambira pamenepo. Ndikumvera. Usamuuze kuti ndimamumvera.

Tsopano ndadziwa kuti ndinadwaladi. Ndi chinthu chowawa kuuzidwa ndi wotchi zimene ana ako akhala akukuuza. Mkono ukukwera pang'ono kuchokera m'phewa. Zala zagona tulo, kaya zidzadzuka kaya ayi. Ndikaiwala, kumanzere kumazimiririkabe, mpaka kabelu kalire kapena wina andifunse nthawi.

Lachiwiri ndinapita kuchipinda changa, ndekha, ndi ndodo. Ndinagunda mitengo iwiri ndi mayi mmodzi. Nditatsegula, fumbi lili mbuu, koma fungo ndi lomwe lija. Ndinakhala pampando wa makasitomala, umene sindinaukhalepo chiugulire, n'kudziyang'ana pagalasi. Ndinaona nkhalamba ya jekete ya mkono umodzi, yovala dzuwa pamkono. Ndinaikonda.

Ndayamba kuyeserera pa mnzanga uja mlonda wa kusitolo ya matayala. Ali ndi dazi, ndiye palibe chambiri choti ndingaononge.

Dzulo mkulu wako anabwera komweko ndi mwini nyumba, kudzayeza khoma la mashelefu a mawailesi. Anandipeza ndikunola lumo palamba. Anayankhula mofatsa, ngati akuyankhula ndi mwana wodwala malungo. Anati, "Bambo, tinene kuti chipinda takusiyirani. Munthu wake ndani amene angakhale pampando uwu, inu mutagwira chimenecho?"

Ndinati, "Iwe."

Mwini nyumba anaseka mpaka kutsokomola. Anthu anali atadzaza kale pakhomo. Ndinati, "Loweruka lomaliza la mwezi uno ukhale apa. Mutu ndi ndevu. Ndikakucheka, kapena ukadzuka ndisanamalize, kiyi ndi wako, ndivula ndekha. Ukatuluka uli munthu, usadzatchulenso mawailesi." Anayang'ana anthu aja, anayang'ana ine. Paja ndi mwana wanga, sangathawe anthu akuona. Anavomera.

Usandilembere zondiletsa. Kalata yako idzafika nditamaliza kale.

Ndine bambo wako, aLumo.


2 Julayi

Mlongo wanga,

Moni. Tonse tili bwino, ndipo khosi langa lilipo, poti ndikudziwa kuti ndi limene ukufuna kumva.

Usaganize kuti ndakukhululukira zodutsa kumbuyo kwanga n'kukanyenga mkazi wanga. Nkhani imeneyo tidzakambirana ukadzabwera. Koma mlamu wako wandiikira pepala patsogolo, waima pakhomo, ndiye ndilembe.

Loweruka ndinapita. Ndinkayembekeza kuti afooka okha tisanayambe. Ndinapeza galasi lopukuta, benchi yodzaza, ena ali pawindo. Wa makala anandifunsa ngati ndatsanzika ana. Mlonda uja, mutu uli mawangamawanga ngati munda wodyedwa ndi mbuzi, anandigwira phewa n'kunena kuti, "Limbani mtima, ine ndinapulumuka."

Bambo anandimanga nsalu m'khosi ndi dzanja limodzi ndi mano. Kenaka ananyamula dzanja lodwala lija ndi linzake, n'kulikhazika pamutu panga ngati mwala. Wotchi inali pakhutu langa penipeni, yozizira, ikugunda. Njira yawo ndi imeneyo: dzanjalo amaliika pamene sanamete, akafika pa lalanje lija amalisuntha n'kulitsatira. Mashini anayenda pang'onopang'ono. Ntchito imene kale ankaimaliza nyimbo imodzi isanathe pawailesi inatenga m'mawa wonse. Thukuta lawo linkandidonthera pamphumi. Kangapo konse dzanja linatsetsereka n'kugwera paphewa panga, iwo n'kulitola. Benchi yonse ija, anthu a pakamwa aja, panalibe woseka.

Atatenga lumo, mlongo, ndinatsala pang'ono kudzuka. Ndinali nditagwira kale mikono ya mpando. Anandiyang'ana pagalasi n'kunena kuti, "Ukunjenjemera chiyani? Ukagwedezeka wodzicheka ndi iwe." Khungu analibe chokokera, ndiye anandiuza kuti ndizitupitsa tsaya ndekha ngati chule. Ndinatupitsa, anthu akuona. Lumo linayenda tsaya limodzi mpaka pansi pa chibwano. Atatero anapukuta lumo, n'kulipinda, n'kunena kuti tamaliza. Tsaya lina lonse linali ndi thovu.

 Ndikanangonena mawu amodzi, kapena kungoimirira, kiyi akanakhala wanga. Wa mawailesi anali pakhomo, akundiyang'ana. Ndinaona nkhope ya bambo pagalasi, yokondwa, yotopa, yosadziwa kanthu. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Bambo, nthawi ili bwanji?"

Anatembenuka kufuna wotchi. Dzanja lija linali litagweranso paphewa panga, pafupi ndi thovu lija. Anaona. Anatsegulanso lumo. Anati, "Nthawi yoti utseke pakamwa," n'kumaliza tsayalo bwinobwino, opanda ngakhale kadontho ka magazi.

Kuseri kwa khutu lamanzere anasiyako kachitsotso ka tsitsi ngati ka mwanapiye. Mlamu wako anafuna kukadula kunyumba, ndinakana. Kuntchito akandifunsa ndimawauza kuti akafunse ometa, ali pamalo awo akale.

Mwini nyumba ndamuuza kuti chipinda sichikupita kulikonse. Koma sindinapenge nawo limodzi. Ndawauza bambo kuti anthu aziwameta ndi mashini okha, atsegule m'mawa mokha, ndipo mlonda uja azikhala nawo akaweruka. Tinakangana mpaka chakudya kuzizira. Pomaliza anavomera zonse, kupatula chimodzi. Lumo akuti salipachika. Kwa ena onse ayi, koma ine ndizikakhala pampando uja Loweruka lililonse, mpaka nditaphunzira ulemu.

Ndine mchimwene wako.